Makina a Van de Graaff akakana kuthetheka m'dzinja la ku Zomba

Vutoli limabwera chaka ndi chaka, ndipo lili ndi nyengo yake. Mu Seputembala ndi Okutobala, makina a Van de Graaff a m'labu ya sukulu, aja a mpira wachitsulo pamwamba pomwe lamba amakwezerapo chaji ya magetsi, amathetheka mpaka ana a kumbuyo kwa kalasi kudzidzimuka. Ikafika Januwale, mvula itakhazikika, phiri litafunda mitambo kuyambira ku Chawe mpaka ku Malosa, mumayatsa mota, lamba n'kumazungulira bwinobwino, koma mukayandikiza kampira kakang'ono kolumikizidwa ku earth kaja, zii. Mwina kumveka "tse" kamodzi kokha. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi zimachitikanso chimodzimodzi. Aphunzitsi ambiri amangoti makina afa, n'kuwabweza m'sitolo ya labu, ndipo kumeneko ndiye amakaferadi.

Makinawa si chidole. Robert Van de Graaff anapanga oyamba ku Princeton mu 1929, a lamba wa silika, ndipo anafika mavoti 80,000. Cholinga chake sichinali kuimika tsitsi la ana. Ankafuna voteji yaikulu yothamangitsira tizidutswa ta atomu kuti tikawombe phata la atomu ina. Pulotoni, kamodzi mwa tizidutswa timeneti, ikadutsa pa mavoti 200,000 imapeza mphamvu ya 200 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya tizidutswa totere), ndipo mavoti amenewa ndi omwe makina abwino a pasukulu amafika. Makina akuluakulu a mtundu womwewu akugwirabe ntchito: ku iThemba LABS ku Johannesburg kuli mtundu wina wa makinawa wotchedwa tandem, womwe amayezera zaka za mafupa ndi makala akale powerenga carbon-14. Amisiri oyendetsa makina otere amavutika ndi zomwe zimativuta ife, chinyezi, fumbi ndi chaji yothawa, ndipo kafufuzidwe kawo ndi kamene ndikufuna tibwereke.

Yambani mwayeza, musanamasule sikuluu

Magwero a vutoli ndi awiri okha. Mwina chaji sikufika pa mpira, kapena ikufika koma ikuthawa msanga kuposa mmene lamba akuibweretsera. Zili ngati ndowa imene sikudzadza pa mpopi: kapena madzi akutuluka ochepa, kapena ndowayo njobooka. Mukayang'ana ndi maso simungasiyanitse, chifukwa ponseponse mpira sukuthetheka. N'chifukwa chake munthu amatha tsiku lonse akusintha lamba pomwe lambayo alibe mlandu.

Pa accelerator yaikulu, makina othamangitsira tizidutswa ta atomu aja, woyendetsa amawerengera kalenti yomwe ikukwera ku terminal (mbali imene imagwira ntchito ya mpira), n'kuchotsera yomwe ikutsika kudzera m'ma resistor a chipilala, yomwe ikupita ku singano za corona (kuwazika kwa chaji mumpweya pa nsonga), ndi ya beam (mzere wa tizidutswa tothamangitsidwa). Ikatsala ina yosadziwika kolowera, amadziwa kuti penapake pakuthawa chaji. Ife tilibe mamita onsewo, koma muyeso umodzi ndi wokwanira.

Mota ili chizimire, tengani multimeter muiike pa microamp ya DC. Waya umodzi mumatirire pa mpira ndi tepi, wina mulumikize ku earth ya patsinde pa makina. Matani zolimba ndithu, chifukwa waya ukasomphoka makina akuyenda, mpira umadzadza, sipaki n'kulumphira pa wayawo, ndipo multimeter yanu yathera pomwepo. Mukamaliza kulumikiza ndi pamene muyatse. Polumikiza chonchi mpira sukwera voteji, choncho chaji ilibe mpata wothawira kwina. Yonse imene lamba wabweretsa ikudutsa mu multimeter.

Ngati multimeter yanu ilibe microamp, iikeni pa mavoti a DC, pa 200. Yomwe m'kati mwake muli 10 megaohm imaonetsa mavoti 10 pa microamp iliyonse. Zotchipa zija zachikasu zambiri zili ndi 1 megaohm, choncho voti imodzi ndi microamp imodzi.

Muyembekezere zingati? Pali malire omwe mpweya umaika. Mpweya umayamba kudutsa magetsi pa mavoti pafupifupi 3 miliyoni pa mita, ndipo izi zikutanthauza kuti mbali imodzi ya lamba singanyamule zoposa ma microcoulomb 26 pa sikweya mita. Lamba wa masentimita 5 m'lifupi, wothamanga mamita 5 pa sekondi, angakweze ma microamp 6 kapena 7 zinthu zonse zili bwino. Choncho pa makina a pasukulu ma microamp angapo ndi chizindikiro chakuti mbali yokweza chaji ili moyo, ndipo vuto lanu ndi kuthawa. Mukaona ziro, kapena zosafika theka la microamp, yambani ndi lamba, marola (timagudumu tozunguzira lamba) ndi zipeso (tizitsulo ta nsonga tokhala pafupi ndi lamba, pansi ndi pamwamba). Tsiku lina la dzuwa makina akuthetheka bwino, yezaninso, nambalayo muilembe pa kapepala n'kumata pansi pa makina. Amene adzabwere pambuyo panu adzakhala ndi poyerekezera.

Chaji ikakhala kuti sikukwera

Apa pamafunika kumvetsa chimene chimachitika patsinde. Ambiri amaganiza kuti chipeso chimakhula lamba n'kupanga chaji. Ayi. Chaji imayambira pamene m'kati mwa lamba mukukhudzana ndi rola n'kusiyana nayo, chifukwa ziwirizo n'zopangidwa ndi zinthu zosiyana: mphira ndi nayiloni, kapena mphira ndi Teflon, kapena mphira ndi polythene. Rola ikadzadza chaji imakoka kwambiri pa nsonga za chipeso, mpweya wa pansongapo n'kuyamba kudutsa magetsi, ndipo chaji yosiyana ndi ya rola imawazikira kunja kwa lamba. Lamba amainyamula, chipeso cha pamwamba n'kuilandira, ndipo imathamangira kunja kwa mpira.

Ndiye chipeso chisakhudze lamba. Pakhale mpata wa mamilimita awiri kapena atatu, nsonga zitaloza pamene lamba wakulunga rola. Chipeso chokhudza chimadya lamba n'kusiya fumbi lakuda lomwe limadzamatirira paliponse. Chotalikira sichiwaza kanthu. Multimeter ili chilumikizire, zimitsani, sunthani chipeso pang'ono, yatsaninso, muone ngati nambala yakwera. Chitani chimodzimodzi ndi cha pamwamba, ndipo muonetsetse kuti kawaya kake kakukhudzadi mpira mukauvundikira. Kawaya kameneka kamapindika anthu akamavula ndi kuvala mpira, ndipo ndi vuto limene limapusitsa chifukwa silioneka makina atatsekedwa.

Chipeso cha pansi chiyenera kulumikizidwa ku earth. Ma extension ena ogulidwa mumsika ali ndi mabowo atatu koma mawaya awiri okha m'kati. Yezani kuchokera pa chipeso kufika pa phini lalitali la pulagi, ndiponso muonetsetse kuti soketi ya pakhoma ili nayo earth.

Kenako yang'anani marola. Makina akagwira ntchito zaka zingapo, mphira wa lamba amasiya kachikutu konyezimira pa rola. Zikatero mphira akukhudzana ndi mphira mnzake, ndipo zinthu zofanana sizipatsana chaji yokwanira. Chotsani lamba, pukutani rola ya nayiloni, ya Teflon kapena yachitsulo ndi kansalu konyowetsa sipiriti mpaka kansalu kasiye kuda. Musanachotse marola lembani kuti iyi ndi ya pamwamba, iyi ya pansi. Pa makina ambiri n'zosiyana, ndipo mukazisinthanitsa makina amafooka kapena mpira umasintha mtundu wa chaji. Ngati mwathira oilo m'mabering'i, dontho limodzi lakwana. Oilo akafika pa lamba ntchito yonse yabwerera pambuyo.

Lamba mwini amakalamba. Sipaki ndi corona zimapanga ozoni, ndipo ozoni ndi dzuwa zimadya mphira. Mukamukoka pang'ono n'kuona timing'alu, kapena akumata m'zala, nthawi yake yatha. Wabwino koma wakuda mungamutsuke ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kumutsukuluza kwambiri, n'kumuyanika pamthunzi mpaka aumiretu. Pomubwezera mugwireni ndi pepala loyera kapena magolovesi.

Tsono pali nzeru ina yomwe imabwera msanga m'mutu mwa Mmalawi aliyense wodziwa kudzithandiza: kudula chubu cha njinga kapena malegeni n'kupanga lamba. Musataye nthawi. Mphira wakudayo amasakaniza ndi carbon black kuti alimbe, ndipo carbon amadutsa magetsi mokwanira kubweza chaji pansi. Pa mavoti a batire simungazindikire, koma pa 100,000 lamba wotere amangokhala njira yothawira. Funani mphira wopyapyala wosakhala wakuda, monga malamba a latex omwe a physiotherapy amalimbitsira minofu ya odwala. Dulani mopingasa polumikizira kuti mfundo isamagunde chipeso, ndipo akhale wofupikirapo pang'ono kuposa mtunda wa marola kuti agwire osatsetsereka.

Za mota sizifuna mawu ambiri. Kalenti imayendera liwiro la lamba, choncho magetsi akabwera ofooka madzulo, kapena labu ikuyendera jenereta yolemedwa, makina amafooka nawo. Mverani kulira kwa mota, ndipo onani ngati rola ikuzungulira lamba ataima.

Chaji ikukwera koma mpira sukudzadza

Kuno ku Zomba, m'dzinja, nthawi zambiri vuto limakhala ili. Anthu amati mpweya wonyowa ukuba magetsi, koma si zoona kwenikweni. Mpweya wachinyezi paokha sudutsa magetsi kwambiri. Chimene chimachitika n'chakuti chinyezi chimayala kamadzi kosaoneka pa chipilala cha pulasitiki chonyamula mpira ndi pa lamba, kamadziko n'kusungunula mchere wa thukuta la m'manja ndi fumbi la choko, ndipo pamakhala kanjira kochokera pa mpira kufika pansi. Chipilala choyera chimapirira chinyezi chambiri. Chakuda chimagonja msanga.

Tiwerengere kuti muone kuchepa kwa kanjira kamene kakukwanira kupha makina. Voteji ya mpira ndi kalenti kuchulukitsa ndi resistance ya njira yothawira. Ngati lamba akukweza ma microamp 4, kuti mpira ufike mavoti 200,000 chipilala chiyenera kukhala ndi ma megaohm 50,000. Chikatsika kufika 10,000, mpira uthera pa 40,000. Chikafika 1,000, mwatsala ndi mavoti 4,000, kasipaki kosafika mamilimita awiri. Multimeter wamba imalekezera pa ma megaohm 20 kapena pamwamba pang'ono, choncho mukayeza chipilala chabwino ndi choipa zonse idzakuuzani kuti palibe chikudutsa. Musaikhulupirire pa nkhani iyi.

Chimene chingakuuzeni zoona ndi dilaya ya tsitsi, ija ya ku saluni. Makina atazima, uzirani mpweya wofunda pa chipilala, kunja ndi m'kati, ndi pa lamba mukumuzunguza ndi dzanja, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Musayandikize kwambiri, pulasitiki amapindika ndipo mphira amafewa. Mukayatsa n'kupeza kuti sipaki yabwerera, kenako ikufooka pakapita kanthawi, mwagwira wakuba: ndi chinyezi pa chipilala chakuda. Kuumitsa kokha kumangokupulumutsani phunziro limodzi. Chofunika ndi kutsuka.

Potsuka samalani. Zipilala zambiri n'za Perspex, ndipo sipiriti amang'ambitsa Perspex timing'alu tating'ono tosatheka kuchotsa, momwe fumbi ndi chinyezi zimakakhala mpaka kalekale. Gwiritsani madzi ofunda ndi sopo pang'ono, mutsukuluze kangapo, komaliza ndi madzi a distilled, omwe amagulitsa othira m'mabatire a galimoto ngati labu ilibe. Sopo wotsalira ndi woipa kuposa fumbi, chifukwa amakoka chinyezi. Pa chifukwa chomwecho, uzani amene amasesa m'labu kuti asapake polishi wa mipando pa makinawa ngakhale afune kuwakongoletsa bwanji. Mapolishi ambiri amapangidwa dala kuti achotse chaji. Ndipo m'nyengo yozizira, pamene tonse timadzola glycerine kuti khungu lisatuwe, dziwani kuti glycerine amakoka madzi a mumpweya. Dzanja limodzi lodzola likagwira chipilala ponyamula makina, lasiya kale njira. Nyamulirani patsinde.

Suzumiraninso m'kati. Makina omwe agona m'sitolo miyezi ingapo amakhala ndi ulusi wa kangaude m'chipilala, zitosi za nalimata, mphemvu zakufa patsinde, nthawi zina ngakhale kanyumba kadothi ka mavu m'kati mwa mpira. Chuku chimamera pa lamba amene anasungidwa wonyowa.

Njira ina yothawira ndi ya mumpweya, kudzera pa nsonga. Chilichonse chosongoka pa mpira kapena pafupi nawo chimawaza chaji: kaulusi ka nsalu, tsitsi limodzi, mutu wa sikuluu, pamene mpira unatiwanika utagwa, m'mphepete mwa bowo la pansi ngati mwapindika. Izi zimafufuzidwa mumdima. Tsekani makatani kapena bwerani madzulo, dikirani kanthawi maso azolowere, muyatse makina. Pomwe chaji ikuthawira pamaoneka kakuwala kabuluu, ndipo pamamveka kuti "sii". Mukaona timizere tikutsetsereka pa chipilala, chipilalacho chikadali chakuda. Mukaona kakuwala pa mpira, pukutani pamalopo kapena musalaze ndi sandipepa wosalala kwambiri. Makina akhale patali ndi khoma, mawindo a zitsulo, mipopi ya gasi ndi makatani, mita imodzi mbali zonse ngati malo alipo.

Amisiri a makina akuluakulu anathana nalo vutoli pothawa mpweya wamba. Makina aakulu omwe Van de Graaff anamanga mu 1933 ku Round Hill, Massachusetts, anali pa mpweya wamba, n'chifukwa chake mipira yake inali ya mamita 4.5, lero ali ku Museum of Science ku Boston. M'zaka zomwezo Raymond Herb ku Wisconsin anayamba kutsekera makina m'thanki ya mpweya wopanikizidwa, ndipo pambuyo pake anabweretsa Pelletron, momwe tcheni cha tizitsulo tolumikizidwa ndi nayiloni chinalowa m'malo mwa lamba, mwa zina chifukwa lamba amatha n'kumatulutsa fumbi. Masiku ano m'thankimo amaikamo sulphur hexafluoride, yomwe imapirira voteji kuposa mpweya kawiri ndi theka pa kupanikizika kofanana, ndipo amaizunguza m'zoumitsira za alumina kuti chinyezi chichoke. Thanki ikatsegulidwa n'kutsekedwanso, sakweza voteji kamodzin'kamodzi. Amakweza pang'onopang'ono kwa maola ambiri kuti tinsonga ndi tifumbi totsala tipse. Nanunso mukatsuka makina, asiyeni ayende mphindi zingapo musanaweruze. Kawirikawiri sipaki imayamba yaifupi n'kumatalika.

Zomwe si vuto

Nthawi zina makina ali bwino, koma tikuyembekezera zomwe sangathe. Voteji yapamwamba ya mpira imadalira kukula kwake: mavoti pafupifupi 30,000 pa sentimita iliyonse ya radius (kuchokera pakati pa mpira kufika m'mphepete). Mpira wa masentimita 20 m'mimba mwake sungapose 300,000, ndipo bowo la pansi limatsitsa nambalayi. Onjezani kuti tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, komwe mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo mpweya wopepuka umagonja pa voteji yocheperapo. Nambala yolembedwa pa bokosi simudzaiona kuno ngakhale mu Okutobala. Poyerekeza voteji ndi kutalika kwa sipaki gwiritsani mpira wosalala, osati chala kapena waya. Pakati pa mipira iwiri sentimita imodzi ndi mavoti pafupifupi 27,000 kuno kwathu, koma pa nsonga sipaki imatalika pa voteji yochepa.

China ndi chionetsero cha tsitsi. Mabuku amajambula mwana wa tsitsi lalitali losalala litaima, koma ana athu ambiri ndi ometa, ena oluka, ndipo tsitsi lodzola mafuta silinyamuka. Makina alibe chifukwa. Matani timizere ta tishu pamwamba pa mpira, kapena sanjikizani timbale ta aluminiyamu topepuka muone tikuuluka kamodzikamodzi. Ngati mukufunabe kuimika mwana, aime pa beseni lapulasitiki louma lovundikira, osati pa simenti kapena pa benchi lathabwa, chifukwa thabwa m'dzinja limamwa chinyezi.

Kumbukiraninso kuti kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi, olowa atanyowa ndi mvula, mawindo otseka, imadzadza chinyezi msanga. Makina ozizira ochokera m'sitolo akalowa m'chipinda chofunda chotere amachita thukuta. Abweretseni msanga, muwaumitse, ndipo chionetsero chikhale koyambirira kwa phunziro. Amene ali ndi ufulu wosanja mitu ya chaka, electrostatics aiike mu Seputembala kapena Okutobala.

Kasungidwe, ndi malire osadumpha

Mukamaliza, masulani lamba pa marola kuti asatambasuke, mumuike m'pepala lapulasitiki lotseka, pamdima. Makina muwavundikire ndi thumba lalikulu lapulasitiki, m'kati muli silica gel (timibulu tomwa chinyezi), ndipo asakhale pa simenti kapena kutsamira khoma lakunja. Silica gel akasintha mtundu muumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120. Kabati yokhala ndi babu lakale lija lotentha, la mawati ochepa, imasunga zipangizo zouma nyengo yonse, bola babulo lisakhudze pulasitiki kapena pepala.

Mpira wa masentimita 20 uli ndi ma picofarad pafupifupi 11, ndipo pa mavoti 200,000 umasunga 0.2 joule. Zimaluma koma sizivulaza munthu wathanzi. Zimasintha mukalumikiza Leyden jar (botolo losungira chaji) kapena capacitor ina kuti sipaki ikhale yonenepa. Pamenepo mphamvu yosungidwa imatha kufika poopsa, ndipo m'kalasi musachite. Amene ali ndi pacemaker kapena vuto la mtima akhale patali. Mafoni ndi malaputopu achoke patebulo. Sipiriti amene mwapukutira marola aume ndipo botolo litsekedwe musanayatse, mipopi ya gasi nayo ikhale yotseka. Musanagwire mpira, ukhudzitseni ndi kampira ka earth kaja, kenako muzimitse mota.

Chomaliza ndi cha ophunzira anzeru a ku koleji, omwe akamva mbiri ya makinawa amafuna kulumikiza chubu chopopedwa mpweya kuti apange accelerator yeniyeni. Machubu ambiri ophunzitsira za maelekitironi amapangidwira mavoti osapitirira 5,000 pa chifukwa. Maelekitironi othamangitsidwa ndi mavoti 100,000 akagunda chitsulo kapena galasi amatulutsa X-ray yomwe imadutsa galasilo, ndipo simuiona kapena kuimva. Ntchito yotere imafuna zotchinga zamtovu, choyezera radiation, ndi chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Wophunzira akabwera ndi ganizo limeneli, mutumizeni kwa mphunzitsi amene amayang'anira chitetezo cha radiation asanalumikize waya uliwonse.